NGOZI ZA POPHUNZIRA NDEGE ZA INJINI ZIWIRI

Chifukwa ninji phunziro la kupulumuka lapha anthu odziwa ntchito yawo?

Madzulo a pa 30 Meyi 2017 ndege yaing'ono ya injini ziwiri, ya mtundu wa Cessna 441, inanyamuka pa bwalo la Renmark m'chigawo cha South Australia. M'menemo munali amuna atatu, onse odziwa ntchito ya ndege: woyendetsa amene analikuyesedwa, mkulu wa oyendetsa ndege a kampani ya Rossair amene analikumuyesa, ndi woyendera wa Boma amene anatumidwa kukapenya m'mene mayesowo alikuyendera. Ndege itakwera mafiti ngati 400, mphamvu ya injini imodzi inachepetsedwa dala, kuyerekeza kuti injiniyo yafa. Patapita masekondi ngati 40 ndege inapendekeka nigwa pansi, ndipo onse atatu anamwalira.

Akulu a bungwe la ATSB, limene lifufuza ngozi za maulendo m'dziko la Australia, anatulutsa lipoti lawo m'chaka cha 2020. Ananena kuti m'ndegemo sanapezemo chilema. Injini imene anaiyesa yakufa inali yamoyo, ndipo dzanja limodzi likanatha kuibwezera mphamvu yake, koma chimenecho sichinachitike pa nthawi yake. Anthu atatu anafa pokonzekera tsoka limene tsiku limenelo panalibe.

Nkhani yotere si yachilendo. Yakhala ikubwerezabwereza m'maiko osiyanasiyana kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo aphunzitsi ndi antchito a Boma achita bwino kuilingalira, pakuti mafunso ake awakhudza iwonso. Kodi phunziro loopsa liphunzitsidwe motani? Ndipo ndani ayenera kunena kuti lafika pa malire? Yankho limene maiko alipeza atataya anthu ambiri ndi ili: kuyeseza kusakhale koopsa kupambana ngozi imene munthu alikuikonzekera.

INJINI IMODZI IKAFA

Munthu wamba aganiza kuti ndege ya injini ziwiri ndi yodalirika kawiri, popeza imodzi ikafa inzake itsala. Pa ndege zazikulu zonyamula anthu ambiri maganizowa sali kutali ndi zoona. Pa ndege zazing'ono, zonyamula anthu anayi, asanu ndi mmodzi kapena khumi, nkhani yake ili ndi mbali zina.

Aliyense amene anaonapo bwato pa nyanja kapena pa Shire adziwa chimene chichitika anthu awiri akamapalasa, wina kudzanja lamanja, wina kumanzere. Mmodzi akaleka, bwato silipitanso molunjika; mutu wake utembenukira ku mbali ya wolekayo. Ndipo wolekayo akasiya nkhafi yake m'madzi chopingasa, bwato litembenuka msanga koposa, ndipo liwiro lake lichepa. Ndege ya injini ziwiri ichita chimodzimodzi. Injini zake zili pa mapiko, ina uku ina uku. Imodzi ikafa, yamoyoyo ikoka phiko lake kutsogolo, ndipo mphuno ya ndege itembenukira ku mbali yakufayo. Pulopela ya injini yakufa siiima. Mphepo iizunguzabe, ndipo potero ikokera ndege m'mbuyo monga nkhafi yopingasa ija. Chifukwa chake woyendetsa ayenera kutembenuza masamba a pulopelayo kuti adule mphepo cham'mbali ngati mpeni, ntchito imene pa Chingerezi aitcha feather.

Chimene chiletsa ndege kutembenuka ndi tsigiro la kumchira, limene woyendetsa aliwongolera ndi mapazi. Tsono tsigirolo lilibe mphamvu yakeyake. Mphamvu yake ichokera ku mphepo yoomba pa ilo. Liwiro likachepa mphepo ichepa, ndipo tsigiro lifooka, pamene injini yamoyo ikali kukoka ndi mphamvu yake yonse. Motero pali liwiro lina limene ndege ikatsika pansi pake, tsigiro silithanso kugonjetsa injiniyo, ngakhale munthu aponde kufikira mwendo utawongoka. Liwiro limeneli oyendetsa ndege alitcha Vmc, ndipo pa wotchi yosonyeza liwiro lalembedwa ndi mzere wofiira.

Pansi pa mzere wofiira zinthu zichitika mofulumira. Mphuno itembenuka, phiko la mbali yakufa litsika, ndipo ndege itha kugubuduka chagada. Mankhwala ake alipo, koma ndi ovuta ku mtima wa munthu: kuchepetsa mphamvu ya injini yamoyo, imene iye aiyesa chipulumutso chake, ndi kuweramitsa mphuno ya ndege kuloza pansi kuti liwiro libwerere. Zonsezi zifuna danga pakati pa ndege ndi nthaka. Pa mafiti 5,000 danga lilipo. Pa mafiti 400 palibe.

MPHAMVU YOTSALA NDI YAING'ONO

Chachiwiri chimene ambiri sachidziwa n'chakuti injini imodzi ikafa, ndege itaya theka la mphamvu yake, koma kukwera kwake kuchepa koposa theka. Fanizo lake nali. Banja lina lili ndi minda iwiri, ndipo munda uliwonse upatsa matumba 20 a chimanga. Banjalo lidya matumba 18 pa chaka, kotero kuti otsala ogulitsa ndi matumba 22. Chaka china munda umodzi ukokoloka ndi madzi. Zokolola zachepa ndi theka, koma ogulitsa tsopano ndi matumba 2 okha. Ndege nayonso idya gawo la mphamvu yake pongodzisunga m'mwamba, ndipo ikwera ndi zotsala zokha.

Buku lophunzitsira la FAA, ndiyo nthambi ya Boma la America yoyang'anira za ndege, linena kuti kukwera kwa ndege yaing'ono kuchepa ndi magawo 80 kufikira 90 mwa magawo 100. Ngati pulopela yakufa sinatembenuzidwe, kapena mawilo akali kulendewera kunja, zili monga alendo afika pa banja lija: matumba 2 aja atha, ndipo ndege iyamba kutsika, ngakhale injini yamoyo ibangule chotani. Kwa zaka zambiri malamulo a America sanakakamize ndege zopepuka, zosaposa mapaundi 6,000 ndi zotha kuuluka pang'onopang'ono, kuti zizitha kukwera ndi injini imodzi. Wopanga ndege anangofunsidwa kuyesa chimene ndegeyo itha kuchita ndi kuchilemba m'buku lake. Chifukwa chake pa wotchi ya liwiro palinso mzere wabuluu, wosonyeza liwiro limene ndege ikwera bwino koposa ndi injini imodzi. Ntchito yonse ya woyendetsa pa mphindi yoopsayo ndi kusunga mzere wabuluu ndi kukhala kutali ndi wofiira.

M'chaka cha 1979 bungwe la NTSB, lofufuza ngozi m'dziko la America, linatulutsa zimene linapeza pa ndege zazing'ono za injini ziwiri m'zaka za 1972 kufikira 1976. Linawerenga ngozi 477 zimene zinatsata kufa kapena kuvuta kwa injini. Mwa zimenezi 123 zinapha anthu, ndipo akufa anali 289. Linapezanso chinthu chimene chinadabwitsa ambiri: injini ikafa ndipo ngozi nichitika, gawo la ngozi zopha anthu linali lalikulu koposa kanayi pa ndege za injini ziwiri, poyerekeza ndi za injini imodzi. Chifukwa chake sichivuta kuchimva. Wa injini imodzi, injiniyo ikafa, alibe chosankha. Afuna malo oyera natera, mapiko ali chilinganire. Wa injini ziwiri ayesa kukhalabe m'mwamba, nataya liwiro, nagwa chagada.

ZAKA ZA MALIRO AMBIRI

Akulu a ndege anadziwa kale kuti mphindi imeneyi ndi yoopsa, nafuna kuti aliyense aiphunzire. Koma njira imene anaisankha poyamba inali ya kuyerekeza ngozi monga ili yeniyeni, ndipo mtengo wake unali waukulu.

Gloster Meteor, ndege yoyamba ya jeti ya asilikali a m'mlengalenga a dziko la Britain, inayamba ntchito m'chaka cha 1944. Injini zake ziwiri zinali zotalikirana ndi thupi la ndege, kotero kuti imodzi ikazima, kuponda tsigiro kunafuna mwendo wamphamvu ndithu. Anyamata anaphunzitsidwa kutera ndi injini imodzi atazimitsiratu inzake. Asilikali a RAF anataya ndege 890 za mtundu umenewu, ndipo oyendetsa ngati 450 anafa, ochuluka a iwo pa masiku a mtendere. Zifukwa zinali zambiri, monga mafuta kutha msanga ndi nyengo yoipa, koma kuyeseza kwa injini imodzi kunali pakati pa zifukwa zodziwika bwino. Pambuyo pake akulu anaona kuti n'kwabwino kungochepetsa mphamvu ya injini m'malo moizimitsa, kuti zinthu zikavuta mphamvuyo ibwezedwe msanga.

M'dziko la America phunziro lomweli linadza ndi ndege za anthu wamba. M'chaka cha 1963 kampani ya Piper inatulutsa Twin Comanche, kandege kokongola ka liwiro, kosadya mafuta ambiri, ka injini ziwiri za mphamvu ya akavalo 160 iliyonse. Sukulu za ndege zinakakonda chifukwa cha kutsika mtengo kwake. Pa masiku amenewo mayeso anafuna kuti wophunzira asonyeze liwiro la mzere wofiira ali pafupi ndi nthaka, pakuti pansi ndi pamene mpweya uli wochindikala ndi injini ikhala ndi mphamvu yake yonse. Aphunzitsi ambiri anazoloweranso kuzimitsa injini mwadzidzidzi ndege itangonyamuka. Zotsatira zake zinali ngozi zotsatanatsatana. Ndege zinagubuduka ndi kuyamba kuzungulira ngati nguli kufikira pansi, zili ndi wophunzira ndi mphunzitsi wake.

Poyamba ambiri anatsutsa ndegeyo. Akatswiri a NASA anaiyesa, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Boma linalamula kuti mzere wake wofiira ukwezedwe kuchokera pa mailosi 80 pa ora kufika pa mailosi 90. M'chaka cha 1970 kampani ya Piper inatulutsa mtundu wina umene mapulopela ake azungulira mosiyana, ina kumanja ina kumanzere, kuti pasakhale injini imene kufa kwake kuvuta koposa inzake. Kupanga kwa ndegezi kunatha madzi a mtsinje wa Susquehanna atasefukira m'fakitale ya ku Lock Haven m'chaka cha 1972. Koma ndege za makampani ena, monga Beechcraft Baron ndi Travel Air, zinaonanso ngozi za mtundu womwewo pophunzitsa. Pang'onopang'ono kunazindikirika kuti mlandu waukulu unali pa kaphunzitsidwe, ndipo kaphunzitsidweko katasinthidwa, Twin Comanche inakhalanso ndi mbiri yabwino pakati pa eni ake.

KODI N'KUNGOLEKA?

Wina angafunse kuti: ngati phunziroli lipha anthu, bwanji osangolileka? Ngozi ziwiri zodziwika ziyankha funso limeneli. Pa 8 Januwale 1989 ndege ya Boeing 737 ya kampani ya British Midland inavuta injini ya kumanzere itanyamuka ku London. Oyendetsa anazimitsa ya kumanja, imene inalibe vuto, ndipo ndege inagwa pa mphepete mwa msewu waukulu pafupi ndi mudzi wa Kegworth. Anthu 47 anafa. Pa 4 Febuluwale 2015 ndege ya ATR 72 ya kampani ya TransAsia itangonyamuka ku Taipei, injini imodzi inaleka kukoka. Woyendetsa anachepetsa ndi kuzimitsa inzake yamoyo, ndipo ndege inagwera mu mtsinje wa Keelung. Anafa anthu 43 mwa 58.

Izi zisonyeza kuti munthu wodzidzimuka atha kusokoneza dzanja lamanja ndi lamanzere, ngakhale akhale wa zaka zambiri pa ntchito. Chifukwa chake wophunzira aliyense aphunzitsidwa ndondomeko imene ayenera kuichita mosaganiza kawiri: asunge liwiro ndi njira ya ndege, awonjezere mphamvu, alowetse mawilo, ndipo azindikire injini yakufa. Chizindikiro chake chili pa mapazi: phazi limene silikugwira ntchito pa tsigiro lili ku mbali ya injini yakufa. Asanazimitse kanthu ayenera kutsimikiza mwa kuchepetsa pang'onopang'ono mphamvu ya injini imene aiganizira. Ndege ikapanda kusintha, ndiye kuti wapeza yeniyeni. Zoterezi sizilowa m'manja ndi m'mapazi mwa kuwerenga buku. Phunziro liyenera kukhalapo. Chimene Boma ndi sukulu zitha kusankha ndi malo ake, liwiro lake ndi njira yake.

MALIRE AMENE ANAIKIDWA

Malamulo ndi mabuku a FAA, amene sukulu za maiko ambiri ziwatsata, anaika malire otere. Ndege ikali kuthamanga pa bwalo, mphunzitsi asayerekeze kufa kwa injini liwiro litapitirira theka la mzere wofiira. Ndege itanyamuka, asayerekeze isanakwere mafiti 400. Pansi pa mafiti 3,000 kuchokera pa nthaka asadule mafuta a injini, koma angochepetsa mphamvu ndi chogwirira chake, kuti ibwezedwe pa kamphindi. Kuzimitsiratu injini kuchitike pamwamba pa mafiti 3,000, ndiponso pafupi ndi bwalo limene ndege itha kuterapo injiniyo ikakana kudzuka. Kuyambira zaka za m'ma 1970 opanga ndege anayambanso kulemba liwiro lina lotchedwa Vsse, limene pansi pake mphunzitsi saloledwa kuchotsa mphamvu ya injini mwadala.

Phunziro la mzere wofiira, limene kale linachitikira pafupi ndi nthaka, linasamutsidwira kumwamba. Liwiro lichepetsedwa pang'onopang'ono, ndipo wophunzira ayenera kuleka pa chizindikiro choyamba, kaya ndi mphuno kuyamba kutembenuka, kaya ndi belu lochenjeza, kaya ndi kunjenjemera kwa mapiko.

Koma kumwambako kulinso msampha wake, umene wapha aphunzitsi angapo. Ndege iliyonse ili ndi liwiro limene pansi pake mapiko aleka kuinyamula, chimene oyendetsa achitcha stall. Ndege ikamakwera, mpweya upyapyala, injini ifooka, ndipo liwiro limene tsigiro ligonja nalo litsika. Koma liwiro la stall pa wotchi likhala pomwepo. Motero pa msinkhu wina malire awiriwa akomana. Ndege ikafika pa stall injini imodzi ikukoka inzake ili chete, ilowa m'kuzungulira kwa nguli kuja, ndipo opanga ndege za injini ziwiri sakakamizidwa kusonyeza kuti ndege zawo zitha kutulukamo. Pa Piper Seminole, imene sukulu zambiri ziphunzitsira masiku ano, mzere wofiira uli pa ma knot 56, ndipo stall ya mapiko osatambasula ili pa ma knot 57. Knot imodzi iposa pang'ono mailo imodzi pa ora. Kusiyana kwake n'kochepa zedi. Chifukwa chake aphunzitsi ochenjera amatchinga chopondera cha tsigiro ndi phazi lawo, kuti wophunzira aone mphuno ikutembenuka liwiro likali lokwanira.

MPHUNZITSI NDIYE MLONDA

Malire onsewa ali m'manja mwa munthu mmodzi, amene akhala pa mpando wa pambali. Iye ndiye apanga ngozi yoyerekezayo, ndipo iye ndiye ayenera kuithetsa. Ngozi za m'dziko la Australia zisonyeza m'mene kulakwa kwakung'ono kwa munthu ameneyu kukhalira kwakukulu.

Pa 22 Malichi 2010 ndege ya Embraer Brasilia ya kampani ya Airnorth inagwa itangonyamuka pa bwalo la Darwin, ndipo oyendetsa ake awiri anafa. Munalibe apaulendo, pakuti unali ulendo wa mayeso. Pali njira yoyenera yoyerekezera injini yakufa: mphunzitsi asiya mphamvu pang'ono, kuti pulopela isakoke ndiponso isabweze m'mbuyo, monga nkhafi yotulutsidwa m'madzi. Ofufuza anapeza kuti woyesa mayesoyo anabweza chogwirira cha injini ya kumanzere kufikira pansi penipeni. Potero pulopela inakhala ngati nkhafi yopingasa, ndipo woyesedwayo anapatsidwa mavuto awiri pa nthawi imodzi: injini yakufa, ndi pulopela yokana kutembenuka. Liwiro linachepa, ndipo mayeso sanalekedwe pa nthawi yake.

Ku Renmark nako, ofufuza ananena kuti ndege sinafike pa liwiro loyenera ndipo sinakwere monga inayembekezeka, koma mphamvu ya injini sinabwezedwe, mwina chifukwa okhala pa mipando yoyendetsera sanazindikire kuti zinthu zalakwika. Anasonyezanso kuti buku la ndegeyo, lolembedwa ndi kampani ya Cessna, linalangiza kuti phunziro lotere lichitikire pa mafiti 5,000. Apa pali chenjezo kwa onse olemba ndi osunga malamulo. Malire otsika amene lamulo lilola pa ndege imodzi sayenera ndege iliyonse, ndipo chimene kampani yazolowera kuchita sichiposa chimene wopanga ndege analemba. Kukhalapo kwa woyendera wa Boma m'ndegemo sikunasinthe kanthu, pakuti anali pa mpando wa m'mbuyo. Mphamvu ya woyendera ili pa tebulo, ndege isananyamuke, pamene awerenga buku la kampani ndi kufunsa chifukwa chake lisiyana ndi la wopanga.

Aphunzitsi a m'sukulu adzazindikira msanga chiyeso chimene chigwira mphunzitsi wa ndege. Wophunzira akayamba kulakwa, mtima wa mphunzitsi umuuza kuti amulekerere pang'ono, kapena adzadzikonza yekha. M'kalasi kudikira kotero ndi nzeru. M'ndege ya injini imodzi yogwira ntchito, pafupi ndi nthaka, nthawi yodikira iwerengedwa m'masekondi. Palinso manyazi, pamene woyesedwa ndi munthu wamkulu kapena mnzake wa woyesa. Chifukwa chake sukulu zabwino zilamula kuti asananyamuke, awiriwo apangane momveka liwiro limene likangofikidwa phunziro litha, ndi amene adzabweza mphamvu. Chinthu chinanso n'chakuti m'maiko ambiri ntchito ya uphunzitsi ndi khomo loyamba la woyendetsa ndege wachinyamata, amene asonkhanitsa maora kuti akalembedwe ntchito pa kampani yaikulu. Motero phunziro loopsa koposa nthawi zina lili m'manja mwa munthu amene analiphunzira posachedwa.

NDEGE YA PANSI

Makampani aakulu anapeza njira ina. Pa 30 Malichi 1967 ndege ya DC-8 ya kampani ya Delta, imene inalikuyeseza kutera injini ziwiri mwa zinayi zitachepetsedwa mphamvu, inagwera pa nyumba za anthu ndi hotela ku New Orleans. Anafa anthu 19, ndipo 13 a iwo anali pansi. Ngozi zotere zinafulumiza kusamutsa maphunziro oopsa kupita m'makina oyerekezera ndege, otchedwa simulator, amene chiyambi chake ndi kabokosi kamene Edwin Link anapanga m'chaka cha 1929. M'makina amenewa injini itha kufa pa mphindi yoipitsitsa, kakhumi pa tsiku, ndipo wolakwa atuluka pa khomo nakamwa tiyi. Itachitika ngozi ya ku Darwin, Boma la Australia linakhwimitsa lamulo kuti maphunziro otere a ndege zokulirapo azichitikira m'makina.

Pa ndege zazing'ono njirayi sinafikebe ponseponse. Makina ofanana ndithu ndi mtundu uliwonse wa ndege ndi okwera mtengo, ndipo sapezeka m'dziko lililonse. Koma makina a kompyuta otsika mtengo achuluka, ndipo ngakhale sagwedezeka monga ndege, atha kuzoloweretsa maso, manja ndi mapazi ndondomeko ija. Wophunzira amene waibwereza pansi kambirimbiri safuna kuibwereza kambiri m'mwamba.

KUMAPIRI KUNO

Nkhani imeneyi ili ndi mbali imene ikhudza dziko la Malawi ndi maiko oyandikana nalo, ndiyo kukwera kwa nthaka. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili mafiti oposa pang'ono 4,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo la Chileka ku Blantyre lili mafiti ngati 2,500. La ku Harare liyandikira mafiti 5,000, ndipo la O. R. Tambo ku Johannesburg liposa mafiti 5,500. Kutentha kupyapyalitsanso mpweya. Masana a mwezi wa Okutobala, kutentha kukafika madigiri 30, injini ndi mapiko a ndege yonyamuka ku Lilongwe zimva ngati zili pa mafiti oposa 6,000.

Tsono buku la Piper Seminole lisonyeza kuti ndegeyo ikadzaza, kukwera kwake ndi injini imodzi kutsala pang'ono kutha pa mafiti ngati 4,000. Ndiye kuti pa tsiku lotere, pa bwalo lotere, matumba 2 aja palibe ndege isananyamuke n'komwe. Mnyamata kapena mtsikana amene anaphunzira pa bwalo la m'mphepete mwa nyanja yamchere, naona ndege ikukwera bwino ndi injini imodzi, adzapeza zina akadzafika kumapiri. Kwa iye nzeru yoyenera pa mphindi imeneyo itha kukhala ya kuchepetsa injini zonse ndi kutera molunjika pa malo oyera, mapiko ali chilinganire. Phunziro limeneli n'lovuta kulilandira, pakuti lioneka ngati kugonja, koma lapulumutsa ambiri.

Achinyamata a dziko lino ofuna ntchito ya ndege kawirikawiri apita kukaphunzira kunja, monga ku South Africa, ndipo makolo kapena Boma alipira ndalama zambiri. Mkulu wa Boma amene asankha sukulu, kapena amene avomereza chiphaso chochokera kunja, ali ndi mafunso oyenera kufunsa. Kodi sukuluyo iyerekeza kufa kwa injini pa msinkhu wotani? Kodi buku lake ligwirizana ndi la wopanga ndege? Kodi mphunzitsi wauluka maora angati pa mtundu umenewo? Kodi makina oyerekezera alipo? Mafunso amenewa safuna kuti wofunsa akhale woyendetsa ndege. Afuna munthu wowerenga mosamala ndi wosachita manyazi kufunsa.

Malawi ndi membala wa bungwe la ICAO, limene linabadwa m'pangano la ku Chicago la m'chaka cha 1944. Malamulo a bungweli aphunzitsa kuti cholinga cha kufufuza ngozi ya ndege ndi kuletsa ina, osati kufuna womuimba mlandu, ndipo chifukwa chake malipoti a ku Darwin ndi ku Renmark aikidwa poyera kuti dziko lililonse liwawerenge. Akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dziko limene ndege zake n'zochepa lili ndi mwayi wophunzira zonsezi popanda maliro akeake, ngati akulu ake awerenga zimene anzawo analemba, nasunga malire, nalimbikitsa mphunzitsi aliyense kuti kubweza mphamvu ya injini ndi kuyambanso phunziro mawa si chinthu chochititsa manyazi.